Tiyi wamkaka pamaliro a mkazi wanga

Ndimaphunzitsa za Baibulo pasekondale ina ku Bangwe. Chaka chilichonse imafika sabata imene ndimayenera kuwafotokozera ana za lonjezo limene akapolo aja a m'Baibulo anapatsidwa, loti adzalowa m'dziko la mkaka ndi uchi. Kale sabata imeneyi ndinkaikonda. Ku koleji nkhani yanga yomalizira maphunziro ndinalemba pa zakudya za m'Malemba, ndipo gawo la mkaka ndi limene linatuluka lalitali, choncho zonena ndinali nazo zambiri kuposa zimene mayeso amafuna.

Ndinkawauza anawo kuti kwa anthu oweta, mkaka unali umboni woti mvula yagwa, msipu wamera, mbuzi zaswa ndipo ana ake ali moyo. Nyama umadya kamodzi, chiweto n'kuthera pomwepo. Mkaka umadya chiweto chili chiimire, mawa n'kukamanso. Ndinkawauzanso kuti Akhristu oyambirira ankamwetsa mkaka wosakaniza ndi uchi munthu amene wangobatizidwa, ngati khanda limene langobadwa. Ana ankalemba, ine n'kumadzimva kuti ndikudziwa chimene ndikunena.

Mkazi wanga ankagulitsa nsalu m'shopu ina ku Limbe. Ankanditchula kuti Aphunzitsi, makamaka akafuna kundiseka. Mwana wathu wamkazi atabadwa, mkaka unamutuluka wambiri moti ankasintha bulauzi kangapo patsiku. Tsiku lina ndikuchonga mayeso patebulo, anaima pakhomo la kuchipinda atanyowa pachifuwa ponse.

"Aphunzitsi, dziko lanu lija lafika m'nyumba muno. Mkaka ndi uwu. Nanga uchiwo mubweretsa liti?"

Mwana ali ndi miyezi ngati itatu, mkazi wanga anayamba kutupa miyendo. Chitunda chochokera pasiteji ya minibasi kufika kwathu ankachikwera mopumira panjira. Kuchipatala anati mtima wake wafooka chifukwa cha uchembere, zimachitika kwa ena, ndipo anamugoneka. Mwana anatsala ndi ine. Ndinagula mkaka wa m'chitini, ndinawiritsa madzi, ndinayeza monga alembera. Mwana anasanza, thupi lonse linatuluka totupa, kenako anatsegula m'mimba mpaka timagazi tinayamba kuoneka pathewera. Nesi wa kusikelo anati thupi lake likukana mkaka wa ng'ombe, umene ndi womwewo uli m'zitinimo. Anati ulipo mkaka wa mtundu wina wa ana otere, koma kuupeza m'Blantyre muno n'kovuta. Malangizo ake anali amodzi: mwanayu akhale pa mkaka wa mayi ake mpaka atazolowera phala.

Mkazi wanga atatuluka m'chipatala anayamba kufinya. Mwana akayamwa n'kukhuta, iye ankakhala pamphasa, kapu ili pamiyendo, n'kumafinya wotsalawo ndi manja, m'mawa ndi madzulo. Ankauthira m'mabotolo a pulasitiki amene ankayamba wawatsuka ndi madzi otentha, mabotolo omwe aja anyamata apanjinga amagulitsiramo mkaka wa ku Bvumbwe. Pakhosi pa botolo lililonse ankamangapo kansalu kochokera ku zidutswa za kushopu, mtundu wake wosiyana sabata iliyonse, kuti tidziwe woyamba kumwetsa.

Firiji tinalibe. Nyumba yoyandikana nayo munkakhala mayi ena achisilamu, amasiye, amene ankagulitsa timadzi toundana ta m'mapepala kwa ana asukulu. Iwowa anali ndi firiji yaikulu yotsegula pamwamba. Anatipatsa malo pansi penipeni, pamene pamazizira kwambiri. Magetsi akathima ankaifunditsa mabulangete, osalola aliyense kuitsegula, ngakhale ana atabwera ndi ndalama m'manja.

Ine ndinkaona mmene mkazi wanga ankapumira akamaliza kufinya.

"Mukudzitopetsa," ndinamuuza tsiku lina. "Wakwana umenewu."

"Ndikagonekedwanso mumuyamwitsa ndinu? Ndi mavesi?"

Ankati kugonekedwa. Mawu enawo sanawatchulepo, inenso sindinawatchule.

Anagonekedwadi kachiwiri. Anamwalira masana, ine ndili pamzere wolandirira mankhwala ake. Mwana anali atatsala pang'ono kufika poyamba phala.

Kwathu n'kumpoto. Bambo anga anali kalaliki wa boma, ndipo pokwatira ine anapereka malowolo monga mwa mwambo wathu, kumene ana amakhala a kwa bambo. Kwawo kwa mkazi wanga n'kumudzi wina kumapeto kwa Machinjiri, kumene ana ndi a kwa mayi. Thupi likadali kumotchale, nkhani ya mwana inali itayamba kale. Tinalowa kuchipinda anthu ochepa: bambo anga, apongozi anga aakazi, ankhoswe ndi ine. Apongozi anati mwana apite ku Machinjiri kwa alamu anga, akulu ake a mkazi wanga, amene nthawi imeneyo ankayamwitsa wawo. Bambo anga anayamba kukamba za ng'ombe zimene anapereka.

Ine ndinati mwana sapita kulikonse. Ndinati mayi ake amusiyira mkaka wokwanira kumufikitsa pa phala, uli m'firiji kwa aneba, ndipo mchemwali wanga abwera kudzandithandiza.

Apongozi anatembenukira kwa ine.

"Mkaka wa munthu wakufa?"

"Anafinya ali moyo, amayi."

"Ndiye mwana azimwa za mayi ake amene ali m'manda. Mukufuna amuitane?"

Ankhoswe anayesa kuziziritsa nkhani. Pamapeto anagwirizana kuti bola mwana akudya ndipo ali bwino, akhale ndi ine. Akayamba kufooka, apite ku Machinjiri popanda kukambirananso. Potuluka apongozi anandigwira pamkono.

"Koma zimenezi musauze anthu. Atinena."

Sindinauze munthu.

Amene anaferedwapo m'matauni athu ano akudziwa kuti pamaliro nyumba siikhalanso yako. Mipando imatulutsidwa panja, amayi amadzaza m'kati, abambo pakhonde ndi pansi pa tenti. Ndipo namfedwa safunsidwa kanthu. Ufa wako, shuga wako, makala ako, mbale zako, zonse zimakhala za maliro. Amayi a mpingo amatenga chimene apeza n'kuphika, chifukwa kukufunsa kuti mchere uli pati pamene mkazi wako wagona m'bokosi ndi mwano. Ndi mwambo wachifundo, ndipo ine ndinali nditautamandapo kangapo.

Tsiku loika maliro, m'mawa, aneba aja anapita ndi amayi ena kumotchale kukatenga thupi. M'firiji yawo munali mutasungidwa nkhuku za pamaliro, choncho kiyi anasiyira mayi amene ankatsogolera zophika, mayi wa mpingo wathu amene mkazi wanga ali m'chipatala ankapita kukamuona atanyamula phala m'fulasiki. Anawauza kuti nkhuku zili pamwamba, mabotolo a pansiwo ndi a aphunzitsi.

Ine ndinali pakhonde pakati pa bambo anga ndi abusa. Dzuwa litakwera pang'ono, maketulo anayamba kutuluka kuseri kwa nyumba. Pamaliro ambiri kuno tiyi wamkaka amapatsidwa abusa ndi akulu a mpingo okha, ena onse amamwa wakuda. Tsiku limenelo maketulo onse anali oyera. Anamwa akwaya, anamwa anzanga a kusukulu, ndowa ina inakwezedwa pagalimoto kupita kwa adzukulu amene ankakumba manda.

"Maliro a anthu ophunzira awa," anatero mkulu wina wa mpingo akuviika buledi. "Tiyi wamkaka mpaka kwa adzukulu."

"Koma mkakawu ndi wa anyamata apanjinga uwu," anayankha mnzake akuyang'ana m'kapu. "Taonani kupyapyala kwake. Athiramo madzi akuba amenewa."

Abusa anati kwa iwo uli bwino, ukutsekemera wokha, shuga sawonjezera.

Bambo anga anandiika kapu m'manja. Anandiuza m'chinenero chathu kuti ndimwe, chifikireni iwo sanandione ndikudya. Ndinamwa. Unali wotentha, ndipo thupi langa linaulandira. Ndinamaliza kapu yonse.

Patapita kanthawi ndinadzuka kupita kuseri kukasamba m'manja. Pathandala panali mabotolo otsukidwa bwino, atawazondotsa kuti aume. Pambali pake, pamwala wochapira, panali kamulu ka tinsalu tonyowa, tobiriwira, tachikasu, tamaluwa ofiira. Wina anali atatimasula kamodzikamodzi, mosamala, osadula.

Sindikudziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji. Ndinamva nyimbo kumsewu, galimoto ya thupi ikufika. Kenako aneba aja anatulukira pakona ya nyumba, mpango uli kumutu, n'kuima pambali panga. Anayang'ana thandala. Anapita kunyumba kwawo mothamanga, n'kubwerako akuyenda pang'onopang'ono.

"Onse?" ndinawafunsa.

"Atsala awiri amene ndinatulutsa m'mawa kuti mwana amwe." Anayang'ananso thandala. "Ndinawauza, aphunzitsi. Ndinawauza kuti ndi anu."

"Ndi angadi. N'chifukwa chake atenga."

Anatembenuka kuti apite kumene amayi ankaphikira. Ndinawagwira dzanja, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo. Panja paja panali anthu odzaza msewu. Ndinaganiza zimene zikanachitika atamva chimene amwa: ena kukadzisanzitsa kuseri kwa mpanda, ena kuthamangira kwa asing'anga, ena kunena kuti tinachita dala. Mkazi wanga sakanakumbukidwanso ndi china chilichonse m'Bangwe monse. Akanangokhala mayi uja anthu anamwa mkaka wake.

Tili chiimire, mayi wa zophika uja anabwera akupukuta thukuta ndi chitenje. Anali atagwira ntchito kuyambira mbandakucha, maso atafiira ndi utsi.

"Aphunzitsi, pepani. Tiyi uja wakwanira aliyense, osadandaula. Munachita bwino kuganizira anthu pa nthawi ngati ino. Ambuye akudalitseni."

"Zikomo, amayi," ndinatero.

Ndinabwerera pampando wanga. Bokosi linaikidwa patsogolo, ndipo abusa anaimirira kulalikira. Anati mlongo wathuyu wawoloka mtsinje, walowa m'dziko la mkaka ndi uchi, kumene kulibe kupuma movutikira. Anthu anavomera. Kenako analoza kumene kunali mwana wanga, m'manja mwa mchemwali wanga, n'kukumbutsa anthu mawu a mneneri akuti ngakhale mayi atati aiwale khanda lake loyamwa, Mulungu saiwala. Anabwereza mawu amenewa, mawu awo akukwera. Pandevu zawo panali kanyenyeswa ka buledi.

Mkazi wanga sanaiwale. Anakhala pamphasa miyezi yonse ija, mtima ukumukanika, akufinya.

Pali lamulo lina m'mabuku oyambirira a Malemba, lolembedwa kangapo, loletsa kuphika mwana wa mbuzi mu mkaka wa mayi ake. Ayuda analigwira mwamphamvu moti mpaka lero ena sasakaniza nyama ndi mkaka, ngakhale mbale zake amazipatula. Ku koleji tinkakangana za tanthauzo lake. Ena ankati unali mwambo wa anthu opembedza mafano, ena ankati ndi lamulo la chifundo pa ziweto. Ine ndinalemba masamba ambiri osonyeza kuti nkhani yake ndi yoti chinthu chopatsa moyo chisasanduke ndiwo za imfa. Mphunzitsi wanga anachonga pambali pa chiganizo chimenecho. Pansi pa tenti paja ndinachikumbukira, ndipo ndinachita manyazi ndi mmene ndinkachikondera.

Ndinakumbukiranso nkhalamba ija ya m'Malemba imene inalandira alendo atatu pansi pa mitengo, n'kuwapatsa chambiko, mkaka ndi nyama ya mwana wa ng'ombe. Alendowo atadya anaisiyira lonjezo la mwana. Nanenso ndinali nditadyetsa anthu a Mulungu mkaka wa m'nyumba mwanga. Anamwa, anaimba bwino kwambiri, ndipo madzulo anabwerera kwawo.

Mabotolo awiri aja sanachedwe kutha. Ine ndi mchemwali wanga tinayesa phala lamadzimadzi, mwana n'kumalilavula. Ndinayesanso chitini cha mtundu wina, mwina poganiza kuti thupi lake lasintha maganizo. Silinasinthe. Kulira kwake kunayamba kuchepa mphamvu, ndipo kumeneko n'kumene kunandiopsa kuposa kulira kwenikweniko. Liwombo linalowa. Kusikelo nesi yemwe uja anamuika pasikelo, anayang'ana muvi, n'kundiyang'ana ine.

"Mkaka wa mayi ake uja munati ulipo wambiri?"

"Unatha."

"Pachibale palibe amene akuyamwitsa?"

Tsiku lomwelo ndinamanga matewera ndi tizovala m'chikwama cha mayi ake. Mchemwali wanga anafuna kundiperekeza, ndinakana. Aneba anandithandiza kumubereka kumsana ndi chitenje, ndipo ndinakwera naye minibasi mpaka ku Limbe, kenako ina ya ku Machinjiri. Amayi a m'minibasimo ankandiyang'ana, wina n'kunena kuti abambo a masiku ano ndi achikondi. Nditatsika pasiteji yomaliza ndinayenda wapansi kudutsa m'minda ya nandolo.

Ndinapeza apongozi ali pakhonde akusenda nandolo. Sanadabwe.

"Mkaka uja watha kale?"

"Watha, amayi."

"Paja munati ufika mpaka pa phala."

"Sunafike."

"Hm. Sukulu." Anataya makoko m'lichero. "Tinakuuzani ife osaphunzirafe. Taonani mwana mmene mwamuonongera."

Kuti ndidziteteze ndikanayenera kuwauza kuti iwonso m'mawa uja anamwa kapu yawo, akudikira bokosi la mwana wawo.

Alamu anatuluka m'nyumba, wawo ali kumsana. Anandimasula mwana osandifunsa. Anaona kuti pali chimene ndikufuna kunena koma chikundikanika.

"Musavutike kufunsa, alamu. Magazi anandiyeza kusikelo, ndili bwinobwino."

Anakhala pamphasa n'kutsegula bulauzi. Mwana anapapasa pang'ono, anakana, anapapasanso, kenako anagwira. Ndinamva akumeza. Ndinali ndisanamve phokoso limenelo chimwalirire mayi ake. Kadzanja kake kanakwera n'kukagwira kolala ya alamu monga ankachitira ndi mayi ake. Ine ndinayang'ana kukhoma, kumene kunali kalendala yakale ya fetereza. Ndiyenera kunena kuti alamu anga anapulumutsa mwana wanga, ndipo sanandiwerengerepo. Ndiyeneranso kunena kuti pobwerera m'minda ya nandolo ija, chitenje chili m'manja, ndinkadana nawo.

Bambo anga atamva anaimba foni kuchokera kumpoto. Anati ndataya mwana wa mtundu wathu chifukwa cha kufooka, ndipo ng'ombe zawo zinapita pachabe. Nawonso sindinawauze. Ndi iwo amene anandiika kapu m'manja.

Mwana tsopano akuyenda, akulankhula. Bere anasiya kalekale. Atasiya ndinapita ndi ankhoswe kukapempha kuti abwerere, apongozi n'kunena kuti wazolowera, tidikire ayambe sukulu ya mkaka. Nthawi ya sukulu ya mkaka itakwana anati tidikire ya pulayimale. Ndimapita Loweruka lililonse nditanyamula mabanzi ndi sopo. Mwanayo amawatchula alamu kuti amayi. Ine amanditchula kuti aphunzitsi, chifukwa ndi mmene aliyense pakhomopo amanditchulira. Amatchula mokoka pang'ono kumapeto, ngati mmene wina ankatchulira, ndipo palibe amene anamuphunzitsa. Ulendo wina ankhoswe anamufunsa mwini wakeyo ngati akufuna kupita ku Bangwe ndi bambo ake. Anathawira kuseri kwa chitenje cha alamu, banzi lili m'manja. Anthu anaseka. Nanenso ndinaseka pang'ono kuti asaone.

M'Malemba muli munthu wina amene anataya ana ake onse, ndipo pakudandaula kwake anafunsa Mulungu ngati si iye amene anamuthira ngati mkaka n'kumuumitsa ngati tchizi m'mimba mwa mayi ake. Anthu akale ankaganiza kuti mwana amapangidwa choncho. Ku koleji ndimeyi ndinaiika m'munsi mwa tsamba, ngati chitsanzo cha sayansi yachikale. Masiku ano ndi yokhayo imene ndimatha kuiwerenga mpaka kumapeto. Munthuyo sakupempha kanthu. Akungofunsa kuti ntchito yonse ija inali ya chiyani.

Sabata ya mkaka ndi uchi ikafika ndimalemba pabolodi mfundo zimene zimabwera pamayeso, ana n'kukopera. Amakhoza bwino kuposa kale. Pali mtumwi wina amene analembera mpingo kuti mkaka ndi wa makanda m'chikhulupiriro, akuluakulu amadya chakudya cholimba. Abusa athu amaikonda ndime imeneyi, ndipo anandiwerengerapo atabwera kudzandiona, pondilimbikitsa kuti mayesero ndiwo chakudya cholimbacho. Ndinawapangira tiyi wakuda. Anafunsa ngati mkaka ulipo, ndinati m'nyumba muno sitisunga.

Tinsalu tija aneba anatitola tsiku lomwe lija, anatichapa, n'kundipatsa m'kapepala patapita masabata angapo. Sitinakambiranepo za nkhaniyi. Tikakumana pampopi timapatsana moni, iwo n'kufunsa za mwana, ine n'kufunsa za magetsi.

M'dera lathu maliro a mkazi wanga amakumbukidwabe. Pakagwa maliro ena tiyi n'kukhala wakuda, pamapezeka wina wonena kuti kwa aphunzitsi kuja ngakhale adzukulu anamwa wamkaka. Kutchalitchi ndimapitabe, ndimakhala kumbuyo. Mayi wa zophika uja amandipeza pakhomo potuluka, n'kundigwira dzanja ndi manja awo onse awiri. Ndi munthu wabwino, ndipo amandifunsa mochokera pansi pa mtima. Lamulungu lapitali anandifunsanso.

"Mwana ali bwanji ku Machinjiri, aphunzitsi? Koma inu munafulumira kumupereka. Mukanalimba mtima pang'ono, ife amayi a mpingo tikanakuthandizani kulera. Chinavuta n'chiyani kwenikweni?"

"Mkaka unatha, amayi," ndinawayankha.